Mbiri ya Ntchito Yozimitsa Moto ndi Kupulumutsa Anthu mu Mzinda wa Cape Town

Anthu onse, makamaka amene ali ndi abale okhala kapena kugwira ntchito ku Cape Town m'dziko la South Africa, akudziwitsidwa za mmene ntchito yozimitsa moto ndi kupulumutsa anthu inayambira mumzindawu komanso mmene ikuyendera lero.

Mzinda wa Cape Town uli pakati pa phiri la Table Mountain ndi nyanja yamchere. Kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Malichi kumakhala kotentha ndi kouma, ndipo kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakummawa. Nyumba zoyamba za mumzindawu zinali zofolera ndi udzu, choncho moto ukabuka panyumba imodzi, mphepoyo inkaunyamula kupita kwa anansi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene eni nyumba ambiri anasiyira udzu n'kuyamba kumanga madenga afulati.

Kunyanja zinthu zinali zovuta koposa. Pa 1 Juni 1773, sitima yotchedwa De Jonge Thomas inasweka pafupi ndi pamene mtsinje wa Salt River umathira m'nyanja. Panalibe bwato lopulumutsira anthu. Bambo wina wachikulire, Wolraad Woltemade, analowa m'mafunde ali pa kavalo wake kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako ndi anthu awiri, mpaka anapulumutsa 14. Paulendo wachisanu ndi chitatu, anthu ambiri amene anataya mtima anakakamira kavaloyo nthawi imodzi, ndipo iye ndi mwini wake anamira. Dzina la Woltemade likukumbukiridwabe, koma tsokalo linaonetsa poyera kuti doko lalikulu chotere linkadalira kulimba mtima kwa munthu mmodzi.

Gulu lozimitsa moto la mzindawu linakhazikitsidwa m'chaka cha 1845. Pamene makhonsolo a m'derali anaphatikizidwa kukhala khonsolo imodzi mu 2000, magulu awo ozimitsa moto nawonso anakhala pansi pa ulamuliro umodzi. Lero ogwira ntchitowa sazimitsa moto wokha: amatulutsa anthu opanikizika m'galimoto pangozi za pamsewu, amathandiza pakasefukira madzi, ndiponso amathana ndi mankhwala oopsa akatayika.

Ntchito yopulumutsa anthu panyanja inachedwa kwambiri. Mu 1966 asodzi 17 anamira pafupi ndi Stilbaai chifukwa panalibe amene akanawathamangira. Mayi Patti Price, mphunzitsi wa ku Simon's Town amene iye mwini anapulumutsidwapo panyanja ku Britain, analemba makalata kunyuzipepala kupempha kuti pakhale bungwe loona za ntchitoyi. Mu 1967 bungwelo linayamba ndi kabwato kamodzi kopopa ku Three Anchor Bay, ndipo ndilo likutchedwa National Sea Rescue Institute lero. Opulumutsa ake ambiri ndi odzipereka osalandira malipiro, ndipo ndalama zoyendetsera ntchito zimachokera makamaka kwa anthu akufuna kwabwino.

Moto wa kuphiri uli ndi khalidwe lake. Tchire la kumeneko, lotchedwa fynbos, limafunika kupsa pakapita zaka zingapo kuti mbewu zake zimere, koma mitengo yobwera monga paini imachititsa kuti motowo utenthe mopitirira muyeso. Pa 18 Epulo 2021 moto wochokera kuphiri unatentha mbali ya laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town, mmene munali mabuku ndi zolemba zosowa za mbiri ya Africa, pamodzi ndi chigayo chakale cha mphepo cha Mostert's Mill. Pa 2 Januwale 2022 Nyumba ya Malamulo nayonso inapsa.

Komabe moto umene umapha anthu kawirikawiri si umene umatchuka m'nkhani. Ndi wa m'madera a nyumba zamalata ndi matabwa zomangidwa mothithikana, kumene kukukhalanso anthu ambiri obwera kudzafuna ntchito, kuphatikizapo Amalawi. Mu Malichi 2017, ku Imizamo Yethu m'dera la Hout Bay, nyumba zoposa 2,000 zinapsa ndipo anthu masauzande ambiri anasowa pokhala. Motowu umayamba ndi zinthu zazing'ono: kandulo yosiyidwa ikuyaka, mbaula ya palafini yogubuduzika, kapena mawaya a magetsi olumikiza mwachinyengo. Chimene chimaukulitsa ndi kusowa kwa njira. Galimoto yozimitsa moto imatha kufika msanga, koma n'kuima patali chifukwa tinjira ndi topanikiza, pamene mphepo ikuthamangitsa malawi kuchoka padenga lina kupita pa lina. Ambiri amataya ziphaso zoyendera pamodzi ndi katundu, ndipo kwa mlendo zimenezi zimakhala vuto lachiwiri lotenga miyezi kuti lithe.

Okhala m'maderawa akulangizidwa kusunga ziphaso pamalo amodzi osavuta kunyamula, kuzimitsa kandulo ndi mbaula asanagone, ndiponso kusatseka njira zodutsa pakati pa nyumba. Moto ukabuka, ayambe atulutsa ana ndi okalamba, kenako aimbe 021 480 7700, n'kutchula dera ndi chizindikiro chodziwika cha pafupi. Nambala ya 112 imagwira pa foni ya m'manja iliyonse, ngakhale mulibe mayunitsi.