Kujambula mano sikuononga mkaka wa m'mawere

Azimai oyamwitsa a kwa Mfumu Kambombo m'boma la Chama, amene nkhama zao zimatuluka magazi kapena mano ao agwira litsiro louma, sayenera kuzengereza kupita kucipatala poopa makina a X-ray.

Si lamulo kuti munthu ajambulidwe asanatsukidwe mano. Dokotala amayamba wayang'ana m'kamwa, ndipo amafuna cithunzi akakaikira kuti dzino labooka pamalo obisika, muzu wacita mafinya, kapena fupa logwira mano layamba kudyeka. Mai ali ndi ufulu wofunsa cifukwa cake.

Ngakhale cithunzico cifunike, mkaka suonongeka. Ceza ca X-ray cimangodutsa m'nsagwada kwa kamphindi. Sicitsalira m'thupi ndipo sicilowa mumkaka. Mwana angayamwe amai ake atangotuluka m'cipindamo, popanda kufinya mkaka ndi kuutaya. Jekeseni wa lidocaine wocititsa dzanzi saletsanso kuyamwitsa, cimodzimodzi paracetamol. Mankhwala oyenera kupewa ndi codeine, amene angagonetse khanda mopitirira ndi kulilepheretsa kupuma bwino.

Coopsa ceniceni ndi kucotsa mwana kubere cifukwa ca mantha. Unduna wa Zaumoyo umalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, pakuti phala ndi madzi zikayambidwa msanga zimabweretsa matenda otsegula m'mimba.

M'Zambia, makina otere amayang'aniridwa ndi bungwe la Radiation Protection Authority motsatira lamulo la 2005. Mai amene akuganiza kuti ali ndi pakati auze dokotala asanajambulidwe.