Nsambo Zikakwera, Mwana Amathawa Gitala

M'makwaya athu a ku Chunga, Matero ndi George muli ana ambiri amene anayamba kuphunzira gitala mokondwa, koma patapita milungu itatu anaisiya, zala zitatupa. Makolo amati mwanayo ndi waulesi. Kawirikawiri mlandu uli pa gitala: nsambo zake zatalikirana ndi khosi, ndipo kuzikanikiza kumafuna zala za munthu woumba njerwa.

Werengani tizitsulo topingasa pa khosi la gitala kufikira ka 12. Pamenepo mpata wa pakati pa kacitsulo ndi nsambo yaikulu ukhale mamilimita 2.5, wongokwana kamtengo ka macisi. Ukaposa apo, masulani nsambo, zulani kafupa koyera kamene nsambo zimatsamirapo pa mimba ya gitala, ndipo mukapale kunsi pa sandipepala yoyalidwa pa galasi. Mukacotsa milimita imodzi, nsambo zitsika theka la milimita pa kacitsulo ka 12. Palani pang'onopang'ono, muziyesa, pakuti copalidwa sicibwerera.

Khosi likapindika ngati uta, magitala ambiri a nsambo zawaya ali ndi citsulo m'kati mwake comangira ndi kiyi ya Allen. Cipotozeni pang'ono cabe, mudikire tsiku limodzi. Cikakana, musalimbane naco. Pitani kwa mmisiri.

Kumbukiraninso nyengo. Cinyezi ca dzinja cimatupitsa thabwa, nsambo n'kukwera. Cilimwe cimaumitsa thabwalo, nsambo n'kutsika. Wopala mopitirira mu Januwale adzamva nsambo zikukhula tizitsulo pofika Okutobala.