Mabakiteriya a m'nthaka amadya mafuta, koma musawasenzetse katundu woposa mphamvu zawo

Mukamadutsa pa Mzimba Boma kapena pa Jenda, tayang'anani pansi pamalo okonzera njinga zamoto ndi galimoto. Nthaka yada bii ndi oyilo wotha ntchito. Pafupi pomwepo ena akugulitsa petulo wa m'mabotolo, madontho ake akulowa pansi tsiku ndi tsiku. Mvula ikagwa, zonsezi zimatsetserekera kudambo, komwe ena mwa inu mumatunga madzi pachitsime.

Mu petulo muli mankhwala otchedwa benzene, ndipo mu oyilo wakale muli abale ake olemererapo. Mankhwalawa saola msanga chifukwa cha kapangidwe kake: tizidutswa 6 ta kaboni togwirana mozungulira ngati nkhata yolimba. Benzene akamalowa m'thupi kwa nthawi yaitali amawononga m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwa, ndipo amayambitsa khansa ya m'magazi.

Mwamwayi, m'nthaka muli otithandiza osaoneka ndi maso. Si bakiteriya aliyense amene amadwalitsa. Ena, monga Pseudomonas putida, chakudya chawo ndi mafuta omwewa. Amapanga timapuloteni totchedwa maenzayimu, togwira ntchito ngati zida za mmisiri. Enzayimu yoyamba, dioxygenase, imatenga mpweya wa okosijeni n'kuumata pankhata ija kuti ifooke. Kenako benzene amasanduka mankhwala otchedwa catechol, ndipo enzayimu ina imadula nkhatayo pakati. Ikaduka, bakiteriya amadya zidutswazo, n'kutsala madzi ndi mpweya wonga womwe timatulutsa popuma.

Luso limeneli asayansi analizindikira kalekale. Mu 1980, khoti lalikulu la ku America linalola Ananda Chakrabarty kukhala ndi umwini wa bakiteriya wa mtundu wa Pseudomonas yemwe anamukonza kuti azidya mafuta. Mu 2010, mafuta atatayika m'nyanja ya Gulf of Mexico, mabakiteriya achilengedwe anathandiza kudya gawo la mafutawo.

Komabe musati poti dotolo alipo, timwe poizoni. Maenzayimu aja amadalira okosijeni. Pansi penipeni, m'dothi lonyowa la kudambo, mpweya ndi wochepa, choncho ntchito imayenda pang'onopang'ono ndipo mafuta akhoza kufika m'chitsime asanadyedwe. Oyilo akachuluka amatseka nthaka, mpweya osalowanso. Kuonjezera apo, oyilo wakale amakhala ndi tizitsulo tochokera mu injini, tomwe palibe bakiteriya angatiphwanye.

Nanga inu muchitepo chiyani? Oyilo wotha ntchito musungeni m'chigubu chotseka bwino. Musamutaye pansi, m'ngalande kapena m'chimbudzi. Madzi a pachitsime akamanunkha petulo kapena kuonetsa utawaleza pamwamba, lekani kumwa ndipo dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Klorini amapha tizilombo ta kolera, koma sachotsa mafuta m'madzi.

Musasunge petulo kapena palafini m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana amayesa madzi. Akamwa, musamusanzitse: mafutawo akhoza kulowa m'mapapo. M'vuleni zovala zomwe zathirikira mafuta, musambitseni ndi sopo, ndipo thamangirani naye kuchipatala cha Mzimba kapena chilichonse chomwe muli nacho pafupi.

Inu odzipereka pa zaumoyo, poyendera zitsime ndi mijigo m'mudzi, yang'ananinso ngati kumtunda kwake kuli garaja kapena malo ogulitsira petulo, ndipo mukambirane ndi eni ake mvula isanayambe.