Usamudetsere madzi mnzako wakumunsi

Mvula ikakhazikika m'chigwa cha Nkhamanga, m'boma la Rumphi, mlimi wa ku Bolero amathira feteleza mu fodya ndi m'chimanga chake, ndipo usiku akamva mvula ikuliza malata amagona mtima uli m'malo. Koma munthu amene angalawirire kukaima pa mlatho wa Njakwa m'mawa mwake adzaona madzi a mtsinje wa South Rukuru atafiira ngati thobwa la mawere. Kufiirako ndi nthaka ya m'minda ya anthu, ndipo pamodzi ndi nthakayo papitanso gawo la feteleza amene banja lidagula litagulitsa mbuzi.

Mtsinje umenewu umachokera ku Mzimba, nudutsa pafupi ndi nyanja ya Kazuni ku Vwaza, nulowa m'mpata wa Njakwa, nutsika ndi chigwa cha Henga kudzera ku Phwezi, mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi cha ku Mlowe. Aliyense wokhala m'mbali mwake ali ndi mnzake kumtunda ndiponso mnzake kumunsi. Chimene wataya wakumtunda, wakumunsi ndiye amachitunga mu ndowa.

Awerengi okondedwa, feteleza ndi chakudya cha mbewu, koma sasankha mbewu yoti aidyetse. Mu thumba la yureya, magawo 46 mwa magawo 100 alionse ndi mchere wa nayitirojeni, umene umasungunuka msanga ndi kutsagana ndi madzi. Mchere wina wa fosifolasi, umene uli mu feteleza wokulitsa, umakangamira ku dothi, kotero kuti dothi likakokoloka nawonso umapita. Michere iwiriyi ikafika pa madzi odekha, monga m'maiwe a chilimwe, imanenepetsa ndere ndi zomera zina za m'madzi. Ndere zikachuluka zimaphimba madzi, ndipo zikafa ndi kuyamba kuwola zimamaliza mpweya umene nsomba zimapuma. Madzi amanunkha, nsomba zimathawa kapena kufa.

Vuto silithera pa nsomba. Bungwe la World Health Organization lidaika malire akuti mchere wa nayitireti usapyole mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi akumwa, makamaka pofuna kuteteza makanda, amene magazi awo amalephera kunyamula mpweya bwino akamwa madzi otere. Ndipo kuwiritsa sikuchotsa mcherewu. Taonanso namasupuni mu mtsinje wa Shire, amene amakondwa pa madzi a chonde, akutseka makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Nyanja yathu nayo ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, ndilo Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka ndi dzuwa, kusiya mmbuyo zonse zimene mitsinje idabweretsa. Zolowa m'nyanjamo sizituluka lero kapena mawa.

Pano sitikuloza chala mlimi chifukwa chothira feteleza. Nthaka yathu idaguga, ndipo kuyambira mu 2005, pamene boma la Bingu wa Mutharika lidakhazikitsa ndondomeko ya makuponi, mabanja ambiri adadziwa kukoma kwa nkhokwe yodzaza. Nkhani yagona pa malo ndi kathiridwe. Kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kudula bango ndi mikuyu ya m'gombe, kupanga mizere yotsata kutsetsereka kwa phiri, ndi kumwaza feteleza pamwamba mitambo itada bii, ndi kumene kumasandutsa dalitso kukhala chipsinjo cha ena.

Mneneri Ezekieli, pa mutu 34, akudzudzula nkhosa zonenepa zimene zimati zikamwa madzi oyera zimavundula otsalawo ndi mapazi, kuti zinzake zofooka zimwe matope. Mlandu wa nkhosazo sudali kumwa ayi, koma kusalabadira amene akubwera pambuyo. Ambiri a ife sitingalole kuba nkhuku ya mnansi, koma timamulanda madzi abwino popanda kugunda mtima, chifukwa mnansiyo ali kutali ndipo sitimudziwa dzina. Mayi wotunga madzi ku Phwezi ndi msodzi wa usipa ku Mlowe ndi anansi a mlimi wa ku Bolero, ngakhale sadapatsanepo moni.

Chosangalatsa n'chakuti chimene chimateteza wakumunsi chimapindulitsanso mwini munda. Feteleza wothiridwa m'kadzenje ndi kukwiriridwa amakhalira mbewu yako. Akalozera ndi udzu wa vetiva zimagwira dothi kuti lisatsetsereke. Manyowa amathandiza nthaka kusunga chinyontho ndi chakudya. Kusiya kamzere ka udzu, bango ndi mitengo pakati pa dimba ndi mtsinje kumasefa madzi asadalowe mu mtsinjemo. Alangizi a zaulimi akhala akunena izi kwa zaka zambiri, ndipo akulu adatichenjeza kale kuti mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.

Mipingo ili ndi minda, ndipo mabungwe a amayi ndi achinyamata amalima pamodzi chaka ndi chaka. Minda imeneyi ikhale yoyamba kuonetsa chitsanzo. Ndipo inu a m'banja, musadathire feteleza chaka chino, tsikirani kumunsi kwa munda wanu, muone kumene madzi amalowera akachoka pa mzere wotsiriza. Kumeneko kuli munthu amene adzamwa madziwo.