Biochemistry ili m'chidebe cha agogo ku Domasi

Mwezi watha mng'ono wanga anandiimbira usiku ali ku Blantyre, komwe akuphunzira zachipatala. "Achemwali, biochemistry yandigwetsa. Mwina ndingobwerako basi."

Mtima unandipweteka. Mwanayu anakhoza bwino MSCE pasukulu yoyendera yomwe labu yake inali choko ndi bolodi. Kwathu kuchigwa cha Domasi mudzi wonse umamutcha kale "adokotala". Koma pano akuloweza Krebs cycle, njira yomwe Hans Krebs anafotokoza mu 1937 ya momwe thupi limapezera mphamvu kuchokera m'chakudya, ndipo akuona ngati ndi chilankhulo cha kumwezi.

Atabwera kuholide, tinapeza agogo akuvuula chinangwa chowawa chomwe anaviika masiku atatu. Ndinawafunsa chifukwa chake samangophika. "Ukufuna kuledzera nacho mpaka kufa?" anatero akuseka.

Mng'ono wanga anangoti duu, kenako n'kuyamba kufotokoza yekha. M'chinangwa chowawa muli linamarin. Chikasendedwa n'kuviikidwa, enzyme yotchedwa linamarase imaphwanya linamarin uja, ndipo poizoni wa cyanide amachoka ndi madzi komanso poyanika. Agogo sanapiteko kusukulu, koma ntchitoyi akhala akuichita zaka zonsezi.

Kuyambira pamenepo nkhani inangoyenda. Kachipangizo koyezera malungo kuchipatala kamafufuza puloteni ya kachilombo m'dontho la magazi. Nsima yomwe timadya imasanduka glucose, ndipo insulin ikapanda kugwira bwino ntchito ndiye matenda a shuga aja. Sickle cell imayamba chifukwa cha amino acid imodzi yokha yomwe yasinthika mu hemoglobin. Imodzi yokha, koma mwana n'kumagona m'chipatala pafupipafupi.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti vuto si mutu wa mwanayu. Ambiri timafika kuyunivesite titazolowera kuloweza, chifukwa sayansi tinaiphunzira ngati ndakatulo. Chodabwitsa n'chakuti Domasi yemweyu ndi kwawo kwa Malawi Institute of Education, komwe amakonza silabasi, ndi Domasi College of Education, komwe amasula aphunzitsi a sekondale. Bwanji chinangwa, thobwa ndi malungo zisamalowe m'kalasi la chemistry?

Ngati uli Fomu 3 kapena 4 ndipo ukulota za KUHeS, MUST kapena UNIMA, usathawe chemistry, biology ndi masamu. Bandulo yako isamangothera pa TikTok. Pa YouTube pali maphunziro aulere oonetsa momwe ma enzyme amagwirira ntchito. Ukawerenga chinthu, dzifunse kuti chimachitikira pati m'thupi mwako kapena kukhitchini kwanu.

Mng'ono wanga wabwerera ku Blantyre kukalembanso mayeso aja. Kaya akhoza kaya ayi, tiona. Koma m'chikwama mwake agogo anamuikira makaka, ati akatopa ndi mabuku aziwayang'ana.