Zimene mafupa a ku Mtemankhokwe amatiuza

Ntchito yanga ndi yowerenga mafupa a anthu, ndipo kuno ku Mangochi sindiitchula mwachisawawa. Ukangonena kuti umagwira mafupa, anthu amayamba kukuyang'ana cham'mbali, ena n'kusendera kutali. Sindiwaimba mlandu. Kuyambira cha m'ma 2014 dziko lino lakhala likumva za abale athu achialubino akuphedwa, ndi manda awo akufukulidwa usiku, ndipo maboma a Machinga ndi Mangochi atchulidwa kangapo pa milandu yotereyi. Choncho ndiyambe ndi chinthu chimene ndikuchidziwa bwino kuposa china chilichonse: fupa la munthu wachialubino n'lofanana ndendende ndi langa ndi lanu. Chialubino chili pakhungu, m'tsitsi ndi m'maso, pomwe thupi silipanga mokwanira utoto wotchedwa melanin. Mutandiyalira mafupa patebulo, sindingaloze kuti ili ndi la munthu wachialubino, ndipo palibe katswiri padziko lapansi amene angaloze pongoliyang'ana. Mulibe golide, mulibe chizimba.

Chimene chilimo ndi mbiri ya mwini wake. Phunziro lathu, limene kusukulu zaukachenjede amalitcha physical anthropology, limafufuza thupi la munthu: kumene linachokera, mmene lasinthira, ndi chifukwa chake anthu timasiyana maonekedwe. Anzathu ena amalondola anyani m'nkhalango, ena amayeza DNA, ena amathandiza apolisi kuzindikira mitembo. Ine ndinasankha mafupa ndi mano.

Tiyerekeze kuti anyamata oumba njerwa ku Makawa agunda chigaza ndi khasu, ndipo taitanidwa. Choyamba ndimayang'ana m'kamwa. Mano amamera motsata nthawi, osalumpha: dzino lalikulu loyamba lotafunira limatuluka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, lachiwiri ali ndi zaka 12, ndipo lakumapeto kwenikweni limadikira mpaka zaka 18 kapena kupitirirapo. Kenako ndimatenga fupa la ntchafu. Mwa mwana, nsonga zake zimakhala zosalumikizika ndi thunthu, chifukwa pampata pamenepo ndi pamene fupa limakulira. Munthu akasiya kutalika, mpatawo umatsekeka n'kutsala kamzere chabe, ndipo nako pambuyo pake kamafufutika. Kuti ndidziwe ngati anali mwamuna kapena mkazi, sindidalira kukula kwa mafupa, poti alipo amayi ojintcha ndi abambo oonda. Ndimapita ku mafupa a m'chiuno. A mkazi amakhala otambasuka, ndi khomo lalikulu lodutsira mwana. Mwa ana aang'ono kusiyana kumeneku kumakhala kusanaoneke, ndipo amene angakuuzeni motsimikiza kuti mafupa a khanda ndi a mtsikana pongowaona akukunamizani.

Mbali imene imandigwira mtima ndi ya mavuto amene munthu anadutsamo. Mwana akadwala kwambiri kapena akagona ndi njala nthawi yaitali, dzino limene likupangika m'nkhama limaima kaye kukula. Akachira limapitiriza, koma pamatsala kangalande kopingasa, koti ungakamve ndi chikhadabo. Mano sadzikonza okha, motero kangalandeko amapita nako kumanda ngakhale atafa ali nkhalamba. Poyeza pamene kali, ndimatha kunena kuti munthu uyu anatsala pang'ono kutisiya ali ndi zaka zitatu, nthawi imene ana ambiri amaletsedwa kuyamwa. M'mwamba mwa zibowo za maso nthawi zina mumakhala timabowo ting'onoting'ono tambiri, chizindikiro chimene kawirikawiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndipo m'mbali mwa nyanja muno, mwa malungo ndi likodzo, sitidabwa tikatiwona. Fupa lothyoka n'kulumikizikanso bwino limandiuza chinthu china: panali wina amene ankamuphikira munthuyu ndi kumutungira madzi pamene sankatha kuyenda.

Izi si nkhani za m'mabuku a kutali zokha. M'boma lomwe lino, pa Mtemankhokwe, katswiri wathu wa zofukulafukula Dr Yusuf Juwayeyi anafukula manda akale, ndipo mafupa ake anawafufuza Alan Morris wa ku yunivesite ya Cape Town, amene anasindikiza zotsatira zake mu 1993. Chodziwika kwambiri pa anthu amenewa chinali mano akutsogolo, amene anachita kusemedwa dala eni ake ali moyo. Sichinali chilango kapena ngozi. Chinali chizindikiro cha mtundu ndi kukongola, monga zinalili mphini ndi pelele, kachitsulo kapena kamtengo ka pamlomo wam'mwamba kamene David Livingstone anakaona pa amayi achimang'anja atafika m'chigwa cha Shire mu 1859. Mwambo wosema mano unatha, agogo ambiri lero sangaukumbuke n'komwe, koma dzinolo likadali ndi chipsera cha mpeni wa wosemayo.

Fupa limalankhula chonchi likakhala pamalo pake. Ku Nkope, kumene Keith Robinson anafukula m'zaka za m'ma 1960, mapale a mbiya anasonyeza kuti alimi osula zitsulo anali atakhazikika kale m'mbali mwa nyanjayi zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ku Nkhudzi, manda amene Ray Inskeep anawafotokoza mu 1965 anali ndi mikanda ya galasi, umboni wa malonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere. Zonsezi timazidziwa chifukwa wina analemba kuti mkanda uwu unali pakhosi, mbiya iyi inali kumutu, ndipo dothi la pamwamba linali losasokonezedwa. Mukazula chigaza n'kuchibweretsa m'thumba la shuga, mwataya zoposa theka la zimene chikanatiuza.

Nanga alimiwo asanabwere kunali ndani? Makolo ankasimba za Akafula, anthu osaka nyama amene anawapeza m'dziko muno. Kwa nthawi yaitali ena ankaiyesa nthano. Mu 2017 akatswiri anasindikiza zotsatira za DNA yotengedwa m'mafupa a ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza, a zaka zapakati pa 8,100 ndi 2,500 zapitazo. Anapeza kuti anthuwa anali mtundu wawo wokha, wa chibale ndi Asan a kum'mwera kwa Africa komanso Ahadza a ku Tanzania, ndipo anakhala kuno zaka zikwi zambiri. Chinandizizimutsa n'chakuti mwa Amalawi a lero amene anayezedwa, Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Angoni, magazi a anthu amenewa sakuoneka, kapena akuoneka pang'ono zedi. Ife amene timakonda kukangana za yemwe ndi mwini nthaka, tonse tinapeza eni ake alipo kale.

Tsopano funso limene silisowa pa msonkhano uliwonse: "Ndiye mukuti agogo athu anali anyani?" Ayi. Nyani amene akukuberani chimanga ku Cape Maclear si kholo la munthu aliyense. Taganizani za msuweni wanu: simunabadwe kwa iye, iyenso sanabadwe kwa inu, koma mukalondola m'mbuyo mukumana pa agogo amodzi. Ife ndi chimpanzi tinasiyana njira zaka pakati pa 6 ndi 7 miliyoni zapitazo, ndipo kholo limenelo silinali chimpanzi wa lero kapena munthu wa lero. Anyani a m'mapiri athuwa ndi achibale a patali kuposa pamenepo. Za amene anayambitsa zonsezi ndi cholinga chake, zimenezo ndimazisiyira ashehe ndi abusa. Zida zanga zimangoyeza zaka ndi maonekedwe, ndipo anzanga ambiri pantchitoyi amapita kumzikiti Lachisanu kapena kutchalitchi Lamulungu.

Msodzi wa kuno savutika kumvetsa kusintha kwa zamoyo, chifukwa amakuona m'madzi. Mbuna za pa Boadzulu sizifanana mtundu ndi za pa Thumbi kapena pa Mumbo, ngakhale kuti n'zapachibale. Nsomba za banja la chambo, utaka ndi mbuna m'nyanja muno zili mitundu mazanamazana, ndipo pafupifupi yonse inachokera ku makolo amodzi m'zaka zosapitirira kwenikweni miliyoni imodzi. Gulu likatsekeredwa pa miyala yake, osakwatirana ndi la tsidya lina, mibadwo ikamapita limayamba kusiyana. N'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Za anthu, umboni wathu waukulu uli kumpoto. Mu 1991, pa Uraha m'boma la Karonga, gulu lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya m'munsi, yothyoka pawiri, imene anaipatsa nambala UR 501. Ndi ya Homo rudolfensis, wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, mmodzi mwa akale kwambiri a banja lathu la Homo. Kachidutswa ka dzino kamene kanasowa anakapeza chaka chotsatira, atasefa mulu wa dothi. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu. Zaka zake sanaziyeze ndi radiocarbon, njira imene imathera pa zaka pafupifupi 50,000. Anagwiritsa ntchito mano a nguluwe zakale opezeka m'dothi lomwelo, powafananitsa ndi a ku Kenya ndi Ethiopia, kumene phulusa la mapiri ophulika limapereka zaka zodalirika. Mu 1996, pa Malema, panapezekanso chidutswa cha nsagwada ya Paranthropus boisei, wa mano akuluakulu otafunira. Mitundu iwiri ya zolengedwa zoyenda ndi miyendo iwiri inkakhala m'dera limodzi, nthawi imodzi. Mtundu wa Paranthropus unatha psiti.

Ndipo nyanja imene ankamwamo siinali yokhazikika ngati mmene timaionera. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa nyanjayi n'kutulutsa matope osanjikizana a zaka zikwi mazana ambiri. Matopewo anasonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, madzi n'kutsika ndi mamita oposa 500 m'nyanja imene pakuya kwambiri ndi mamita pafupifupi 700. Mbali yathu ino ndi yosaya, motero kumene lero amaponya chilimira kunali tchire louma, ndipo Boadzulu linali phiri lokwera ndi miyendo. Nthawi imeneyo anthu a mtundu wathu, Homo sapiens, analipo kale mu Africa.

Kusintha kwa thupi la munthu nako sikunaime. Matenda a sickle cell, amene amazunza ana ena m'zipatala zathu, ndi chipsera cha nkhondo ya thupi ndi malungo. Mwana amene watengera chibadwa chimenechi kwa kholo limodzi amatetezeka ku malungo aakulu, n'chifukwa chake chinafala m'madera a udzudzu. Koma makolo onse awiri akakhala nacho, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana adwale. Si ufiti wa azakhali, ndipo kuyezetsa magazi kumaonetsa.

Kunena mosapsatira, phunziro lathu lili ndi mbiri yonyansa. Akatswiri a nthawi ya atsamunda ankayeza zigaza pofuna kutsimikizira kuti mzungu ndi wapamwamba, ndipo ankatenga mafupa osapempha. Sayansi yomweyi inadzagwetsa bodzalo: kusiyana kwakukulu kwa DNA ya anthu kuli mu Africa muno, ndipo anthu a kunja konse ndi nthambi yochoka kuno. Koma zotengedwa zambiri sizinabwerere. Chigaza cha ku Kabwe, chimene chinapezeka mu mgodi mu 1921, chikadali ku London ngakhale kuti Zambia yakhala ikuchipempha.

N'chifukwa chake lero sitikumba popanda chilolezo cha boma ndi cha mfumu ya dera, ndipo manda amene ali ndi eni ake odziwika sitiwakhudza. Inunso mukagunda mafupa pokumba maziko, chimbudzi kapena dothi la njerwa, imitsani ntchito, musazule kanthu, musatsuke, phimbani ndi dothi pang'ono kuti dzuwa ndi agalu zisawononge. Dziwitsani amfumu ndi apolisi, poti mwina ndi mlandu wa posachedwa. Akaona kuti ndi akale, uthenga upite ku nthambi ya boma yoona zinthu zakale, ndipo poyambira pafupi ndi ku Lake Malawi Museum, pa boma pompano.