Kutsata Shire mpaka ku nyanja ya mchere ndi chikwama chimodzi

Tikaona azungu atabereka zikwama pa depoti ya Wenela, ambiri a ife timati amenewo ndi maulendo a anthu a ndalama. Chonsecho ena mwa iwo ndi ana a sukulu ngati ife tomwe, ndipo kayendedwe kawo n'kopewa kusakaza ndalama. Amakwera zimene anthu wamba amakwera, amadya za pamsika, amagona m'nyumba za alendo zotchipa, ndipo katundu wawo ndi woti munthu n'kuyenda naye wapansi ola lathunthu. Chimene chimatimanga miyendo ifeyo ndi maganizo akuti kunja ndi ku London kapena ku Joni basi. Komatu dziko la chilankhulo china, ndalama zina, mizinda yakale ndi nyanja ya mchere lili kumunsi kwa mtsinje wathu wa Shire, ku Mozambique.

Ife tikuona kuti ulendo wotere uyenera kuyambira ku Elephant Marsh, dambo lalikulu limene Shire amamwazikamo pakati pa maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Munthu amene wathamangira ku Beira asanaone dambo limeneli amakangoona nyumba zakale ndi mchenga, osadziwa kuti zikumukhudza bwanji. Dzina la dambolo linachokera kwa David Livingstone, amene anadutsapo mu 1859 pa sitima ya pamadzi yotchedwa Ma Robert, n'kulemba kuti anaona njovu pafupifupi 800. Lero mulibe ndi imodzi yomwe. Alenje a minyanga anazitha, ndipo minyangayo inatsika ndi mtsinje womwewu kupita ku madoko a ku Mozambique. Zatsala ndi mvuu, ng'ona, nkhwazi, akakowa, bango, namasupuni, ndi asodzi a makakana ndi milamba m'mabwato awo osema. Mu 2017 dambo limeneli, la mahekitala opitirira 61,000, linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, kutsatira nyanja ya Chilwa imene inali italowamo kale.

Polowa m'dambomo pamafunika mwini bwato wodziwa njira, ndipo tizilawira kusanatenthe. Dzanja lisatuluke m'bwato, ng'ona za m'Shire sizifunsa kuti uyu ndi mlendo. Tisaiwalenso kuti malo amene ife tikukajambula ndi pamene ena amapezera chakudya. Chaka cha njala anthu amalowa m'madzi omwewo kukazula nyika, ng'ona zili momwemo. Kupempha chilolezo tisanatulutse foni ndi ulemu wosalira ndalama.

Kumunsi kwa dambo, pa Chiromo, Ruo amathira mu Shire. Cha pamenepa ndi pamene Bishopu Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican anamwalirira ndi malungo pa 31 January 1862. Tsiku limeneli tilisunge, chifukwa tikumana ndi linzake kutsogoloku. Kuchoka pa Bangula msewu umadutsa pa boma la Nsanje mpaka ku chipata cha Marka, ndipo kungodutsa chipatacho tafika ku Vila Nova da Fronteira. Mmalawi wa pasipoti safunika viza pa ulendo waufupi wokacheza ku Mozambique, koma tionetsetse kuti pasipotiyo yadindidwa mbali zonse ziwiri. Njira zamadulira zilipo zambiri, anthu amadutsa tsiku ndi tsiku, koma wopanda chidindo akamufunsa mapepala ku Beira sadzakhala ndi chonena.

Chodabwitsa kwa wofika koyamba n'chakuti dzikolo silioneka lachilendo msanga. Ndalama yasintha, tsopano ndi metical, zikwangwani zili m'Chipwitikizi, minibasi ikutchedwa chapa, koma pamsika anthu akulankhula Chisena chomwe chija cha ku Nsanje. Akuluakulu ena amayankha m'Chichewa, chifukwa pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno kwathu, ndipo ambiri anakhala m'misasa ya ku Nsanje monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu.

Pa Mutarara pali chinthu chimene pachokha n'chokwanira kuyendera ulendo wonsewu: mlatho wa njanji wa Dona Ana, wodutsa pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. Unayamba kugwira ntchito mu 1935, ndipo unamangidwa makamaka kuti fodya, tiyi ndi thonje za ku Nyasaland zizikafika ku Beira osatsitsidwa m'sitima n'kuwolotsedwa pamadzi. Pa nthawi ya nkhondo unaphulitsidwa, kenako unakonzedwa. M'mbali mwake muli kanjira ka oyenda pansi ndi a njinga, ndipo apa m'pamene wonyamula sutikesi amazindikira chifukwa chimene anzake anatengera chikwama cha kumsana. Tsidya linalo ndi tauni ya Sena, kumene Apwitikizi anakhazikika m'zaka za m'ma 1500. Chipata cha linga lawo chidakalipo.

Kutsika ndi Zambezi, kupitirira Caia, kuli Chupanga, kumene kuli manda a Mary Livingstone. Anamwalira ndi malungo pa 27 April 1862, pasanathe miyezi itatu chimwalirireni Mackenzie. Mabuku athu a mbiri amachulutsa za mwamuna wake, koma za mayi ameneyu amangokhudzako pang'ono. Udzudzu umene unatenga anthu awiriwa sunasamuke m'chigwachi, choncho masikito ndi oyamba kulowa m'chikwama, zovala zibwere pambuyo.

Beira ndi mzinda wachinyontho, wophwathalala, ndipo mbali zina zimasefukira mvula ikangogwa. Ku gombe la Macuti kuli nsanja yakale younikira sitima za pamadzi, ndipo kwa ife amene tinazolowera Nyanja ya Malawi, chachilendo ndi madzi amene amaphwera kutali n'kubweranso tsiku lomwelo. Osambira afunse kaye eni dera. Kuli Grande Hotel, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950 monga hotela yapamwamba, n'kutsekedwa mu 1963, ndipo lero m'chigoba chakemo mukukhala mabanja ambirimbiri osauka. Namondwe Idai, amene anasasantha mzindawu mu March 2019, ndi mphepo yomwe ija imene mvula yake inamiza midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa masiku angapo m'mbuyo mwake. N'chifukwa chake miyezi yabwino yoyenda ndi May mpaka August, pamene misewu yauma ndipo chigwa sichinayambe kutentha.

Kwa ife osunga Sabata, masiku awerengedwe tisananyamuke. Chapa sinyamuka isanadzaze, ndipo ulendo wooneka wa maola anayi ungadye tsiku lonse. Lachisanu likhale la mtunda waufupi, kuti dzuwa likamalowa tikhale titafika kale. Ku Beira abale ndi alongo alipo ambiri, ndipo mumzinda momwemo muli yunivesite ya mpingo wathu. Pa zakudya, mawu ochepa a Chipwitikizi amapulumutsa: camarão ndi caranguejo ndi za m'gulu la nkhanu, porco ndi nkhumba, pamene feijão ndi nyemba. Matapa, ndiwo za chigwada zotendera ndi kokonati ndi nsinjiro, n'zokoma kwabasi, koma ophika ena amaikamo nkhanu, ndiye tizifunsa asanapakule.